Kuphunzira critical theory ndi nthano imodzi m'manja

Wophunzira amene wayamba maphunziro a zolembedwa ku koleji ya aphunzitsi kuno ku Chipata, kapena amene akuchita digiri ali kunyumba n'kumapita ku Lusaka nthawi ya tchuthi yokha, amakumana ndi mayina ambirimbiri ogwetsa ulesi: Saussure, Marx, Freud, Derrida, Said. Ambiri amawaloweza pamodzi ndi zaka zake, mayeso n'kukhoza ndithu. Koma mukawapatsa ndakatulo kuti aizukute, amabwerera pomwe anali kale, kufotokoza zimene zachitika ndi kutchula phunziro lake. Malangizo awa ndikulembera inu amene mukufuna kuti theory izikugwirirani ntchito powerenga. Njira yake ndi iyi: sankhani nkhani imene mumaidziwa kuposa momwe mumadziwira ma theory, ndipo theory iliyonse muiyese pa nkhani yomweyo.

Dziwani kaye chimene kosi ikufuna

Dzina loti critical theory limagwira pawiri. Pena limanena za akatswiri a ku Frankfurt, m'dziko la Germany, amene sukulu yawo ya kafukufuku inakhazikitsidwa mu 1923. Odziwika kwambiri mwa iwo ndi Max Horkheimer ndi Theodor Adorno, amene ankafufuza momwe chuma, wailesi ndi mafilimu zimazoloweretsera anthu kuponderezedwa. Pena dzinali limaphimba njira zonse zomasulira zolembedwa. Onani ndondomeko ya kosi yanu. Mukapezamo formalism, feminism ndi postcolonialism, ndiye kuti ndi tanthauzo lachiwirili, lomwenso ndikutsata pano.

Pezani kope limodzi la ntchito imeneyi yokha. Theory iliyonse ikhale ndi tsamba lake, ndipo patsambapo muyankhe zinthu zinayi m'mawu anuanu: ikufunsa funso lanji, ikutsutsa ndani, mawu ake akuluakulu ndi ati, nanga ndi chiyani chimene siiona. Yankho lomalizali simudzalipeza m'buku. Mudzalilemba mukamaliza kuiyesa.

Nthano muitenge pakamwa pa munthu

Buku lalikulu la pa silabasi liyambe ladikira. Pakali pano mukufuna nkhani yaifupi, ya tsamba limodzi kapena awiri. Ine ndimasankha ya Kamdothi. Momwe ndimaidziwira, mayi wina wosabereka anaumba mwana ndi dothi, mwanayo n'kukhala wamoyo. Anamulangiza kuti asamasewere patali, ndipo mitambo ikangoda mayiyo ankaimba nyimbo yomuitana kuti athawe mvula. Tsiku lina mwana uja anapita kutali ndi anzake, mvula inamupeza panjira, ndipo anasungunuka asanafike pakhomo.

Musaikopere pa intaneti. Pitani kwa agogo kapena azakhali amene amatha kusimba, muwapemphe chilolezo, muwajambule mawu pa foni. Kenako lembani liwu ndi liwu. Chinyanja chawo musachikonze, "tili tonse" wa omvera musamuchotse, ndipo pamene abwereza nyimbo inunso bwerezani. Ngati mungathe jambulani anthu awiri a midzi yosiyana, wina wa ku Katete wina wa ku Chadiza, chifukwa kusiyana kwa masimbidwe awo kudzagwira ntchito kutsogoloku. Kuyesa ma theory onse pa nkhani imodzi si zachilendo. Buku la Lois Tyson lotchedwa Critical Theory Today, lomwe linatuluka koyamba mu 1999, limachita zomwezo ndi novelo imodzi ya ku America. Phindu la nthano ya kwanu n'lakuti theory ikanama pa iyo, mudzaigwira nokha.

Yambani ndi mawu ali patsamba

Theory yoyamba ikhale yokukakamizani kuyang'ana mawu okha. Ku Russia, Viktor Shklovsky analemba mu 1917 kuti ntchito ya luso ndi kuchititsa chinthu chozolowereka kuoneka chachilendo, kuti tichione mwatsopano. Iye ndi anzake ndiwo a formalism. Ku Cambridge, I. A. Richards ankapatsa ophunzira ake ndakatulo zopanda dzina la mlakatuli, ndipo m'buku lake la mu 1929 anaonetsa kuti ambiri ankayankha zimene anazolowera kumva, osati zimene zinali patsamba. Ntchito yakeyo inatsegulira njira New Criticism ya ku America, yomwenso imayang'ana mawu a patsamba okha.

Tengani pensulo mulembe mzere pansi pa chilichonse chobwerezedwa. Nyimbo yabwera kangati, ndipo yasintha pati? Mvetserani ngati agogo aifulumizitsa ulendo womaliza. Onani pamene aika mvekero, monga "mitambo kuti bii", ndi pamene angodutsa ndi mawu awiri. Pa gawo ili dziletseni kunena za chikhalidwe, za umphawi, ngakhale za kumvera makolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wadumpha gawo ili amavutika ndi ma theory onse otsatira, poti alibe umboni woloza ndi chala.

Mafupa a nkhani

Structuralism inamera pa maphunziro a Ferdinand de Saussure, osindikizidwa mu 1916 mwini wake atamwalira kale. Mfundo yake ndi yakuti liwu limapeza tanthauzo posiyana ndi mawu ena. Pa nthano, munthu wothandiza msanga ndi Vladimir Propp, amene mu 1928 anasanthula nthano za ku Russia n'kupeza kuti ampangankhani amasintha mayina koma zochita zawo zilipo 31 zokha, zobwera motsatana.

Lembani nthano yanu m'mizere isanu, opanda dzina lililonse: pali chosowa, chosowacho chapezeka, lamulo laperekedwa, lamulo lasweka, tsoka lagwa. Lamulo ndi kuliswa zilimo m'mndandanda wa Propp. Koma mndandanda wakewo umathera pa ukwati, pomwe nthano yathu ikuthera pa maliro opanda mtembo. Lembani zimenezi patsamba la Propp, pa funso lachinayi lija.

Claude Lévi-Strauss anawonjeza njira yoyang'ana zinthu zoyenda ziwiriziwiri motsutsana. Mu Kamdothi muli pakhomo ndi kutali, dzuwa ndi mvula, kubereka ndi kuumba. Apa khalanipo nthawi, pali nkhani. Aliyense amene anaonapo mayi woumba mbiya akudziwa kuti ntchito siithera poumba. Mbiya imayamba yaumitsidwa pamthunzi, kenako imawotchedwa pamoto, ndipo ikatero mvula siingaichitenso kanthu. Kamdothi ndi dothi losawotcha. Mayi wake ndi mmisiri, akudziwa chimene chimalimbitsa dothi, koma sangaike mwana pamoto. Chimene chikanamuteteza ku madzi ndi chomwenso chikanamupha. Palibe wosimba amene amanena zimenezi poyera, koma nthano yonse yaima pamenepo, ndipo mwazipeza chifukwa theory inakuuzani kufunafuna zotsutsana.

Mukafika apa deconstruction siikhalanso yoopsa monga imamvekera. Jacques Derrida, amene mabuku ake atatu anatuluka mu 1967, ananena kuti pa zinthu ziwiri zotsutsana anthu amakweza chimodzi, koma nkhani yomweyo imagwedeza kukwezako. Kwa mlimi wa chimanga ndi nsawa, mvula ndi moyo. Mu nthano iyi mvula yomwe mudzi wonse ukuyembekezera ndiyo imfa ya mwana wa nyumba imodzi. Ndiponso dothi siliumbika popanda madzi: chimene chinamupanga ndicho chinamuphwasula. Kodi madzi m'nthanoyi ali mbali iti? Nthano siikulolani kusankha, ndipo kuonetsa zimenezo ndi umboni ndiyo deconstruction.

Ndani akukumba, ndani akumwa

Theory ina idzakhala ndi zochepa zonena pa nthano yanu, ndipo musaikakamize. Marxism imafunsa za ntchito, chuma ndi magulu a anthu. Pa Kamdothi ingakuthandizeni kuona kuti mwana m'mudzi ndi dzanja la kumunda ndiponso wosamalira munthu akakalamba, koma sipita patali. Apa bwerekani nthano yachiwiri, ya Kalulu ndi chitsime. Kwagwa chilala, nyama zonse zakumba chitsime, Kalulu wakana kukumba koma akumwa, alonda akuwapusitsa ndi uchi mpaka Fulu amugwira ndi ulimbo.

Funsani: ndani walamula kuti kukumbidwe, ndani wasenza dothi, ndani akuweruza mlandu? Mawu a nthano akudzudzula ulesi, koma ana omvera amasekerera Kalulu. Kusiyana kumeneko ndiko chakudya cha Marxism. Antonio Gramsci, amene analemba ali m'ndende ya ku Italy kuyambira mu 1929, anafotokoza kuti olamulira sadalira ndodo yokha, amadaliranso kuti olamulidwa avomereze okha kuti zinthu ziyenera kukhala choncho. Mungatsutsane ndi anzanu ngati nthanoyi ikuphunzitsa kuvomereza kotero kapena ikupatsa anthu mpata woseka akuluakulu. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: musalumphe n'kunena kuti Njovu ndi mtsamunda ndipo chitsime ndi mgodi wa ku Copperbelt popanda chokugwirizitsani m'mawu a wosimba. Chigawo chathu chinatumiza amuna ambiri ku migodi ndi ku mafamu a kumwera, ena n'kukhala machona, ndipo pali nyimbo ndi nkhani zonena zimenezo mwachindunji. Marxism muiyese mokwanira pa zoterozo.

Mayi wopanda mwana, ndi funso la amalume

Bwererani kwa Kamdothi ndi feminism. Funso lake ndi lakuti mkazi waonetsedwa motani, ndani akuyankhula, ndani wakhalitsidwa chete. Virginia Woolf analemba mu 1929 kuti mkazi amafunika ndalama ndi chipinda chakechake kuti alembe nkhani. Akatswiri a kuno ku Africa anaona kuti mafunso a akazi a ku Ulaya sakwanira onse kwathu, ndipo Molara Ogundipe-Leslie wa ku Nigeria anabweretsa mu 1994 maganizo ake otchedwa stiwanism, oika akazi pakati pa kusintha kwa moyo wa Aafirika onse.

Onani m'zolemba zanu ngati mwamuna wa mayi uja watchulidwa. Onani ngati wosimba wafotokoza chifukwa chimene mayiyo akufunira mwana, kapena akungoona kuti omvera akudziwa kale. Kenako funsani kuti nthanoyi ikusimbidwa m'mudzi wotani. Pa mwambo wa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mwamuna amabwera chikamwini, ndipo mbumba imakula kudzera mwa akazi. Mayi wosabereka pamenepo akuona mzere wa amayi ake ukuthera pa iye. Kwa Angoni a Mpezeni, kumene malowolo amapangitsa ana kukhala a kuchimuna, ululu wa mayi yemweyo uli ndi nkhope ina: ali pamudzi wa eni, ndipo ng'ombe zinapita kale kwawo. Masiku ano miyambo iwiriyi yalowana kwambiri, koma nthano yomweyo ikasimbidwa kufupi ndi Mkaika, kwa Achewa, ndi kufupi ndi Mtenguleni, kwa Angoni, siilemera mofanana. Buku lolembedwa ku London silingakuuzeni zimenezi, ndipo ndizo zimene ndimafuna kuziona m'nkhani ya wophunzira.

Psychoanalysis imayenda njira yofanana. Sigmund Freud, amene buku lake la kumasulira maloto lili ndi chaka cha 1900, anaphunzitsa kuti zokhumba zimene munthu wazikwirira zimatulukira m'maloto ndi m'nkhani zitavala zovala zina. Ndi maganizo amenewa mungawerenge Kamdothi ngati loto la mayi wolira: mwana amene alipo dzuwa likamawala koma sagwirika mpaka kalekale, ndi mantha a kholo lililonse kuti mwana akatalikira sabwerera. Pamenepo theory ikuthandiza. Koma Freud anamanganso zambiri pa mkangano wa mwana wamwamuna ndi bambo wake, umene anautcha Oedipus complex. Bronisław Malinowski, atakhala pakati pa anthu a kuzilumba za Trobriand amene amatsata kuchikazi, anatsutsa mu 1927 kuti kumeneko ulamuliro uli ndi mlongo wa mayi, ndipo mkangano umalunjika kwa iye. Mchewa aliyense akumva msanga chimene Malinowski ankanena, poti amalume ndiwo eni mbumba, ndiwo ankhoswe, ndiwo amafunsidwa pa nkhani zikuluzikulu. Mukamawerenga novelo ya kwathu momwe mnyamata akulimbana ndi atsibweni ake, musasinthe atsibweniwo kukhala bambo kuti Freud akwane. Lembani kuti apa sakukwana, ndipo fotokozani chifukwa chake.

Omvera

Reader-response imati tanthauzo limapangidwa pamene nkhani yakumana ndi wowerenga. Wolfgang Iser ankanena za mipata imene mlembi amasiya kuti wowerenga adzaze, ndipo Stanley Fish mu 1980 anatsindika kuti timamasulira monga gulu limene tinakuliramo linatiphunzitsira. Roland Barthes anafika polengeza mu 1967 kuti mlembi wafa, kutanthauza kuti cholinga chake sichilamula tanthauzo.

Apa tulutsani zojambula zanu ziwiri zija. Nthano ilibe mlembi woti afe, koma ili ndi wosimba wamoyo amene amasintha nkhani poona nkhope za omvera, ndipo omverawo akasiya kuvomera nyimbo nthano imaima. Ruth Finnegan, m'buku lake la mu 1970 lonena za nkhani zapakamwa za mu Africa, analimbikira mfundo yomweyi, kuti masimbidwe ndi gawo la nkhani. Amene anamverako Julius Chongo pa wailesi mu Poceza M'madzulo akudziwa kuti mawu ake akalembedwa papepala, theka la luso limatsala m'mwamba. Werengerani anthu atatu nthano yanu, mwana wa sukulu, mayi ndi bambo wachikulire, muwafunse kuti wolakwa ndani. Mayankho awo muwalembe osawakonza.

Postcolonialism muiyambire pakhomo

Mayina a akatswiri ake mudzawapeza m'buku lililonse. Chinua Achebe anakamba mu 1975 kuti novelo ya Joseph Conrad yonena za mtsinje wa Congo inachotsera Aafirika umunthu. Edward Said mu 1978 anaonetsa momwe olemba a ku Ulaya anapangira chithunzi cha anthu a kum'mawa chothandiza kuwalamulira. Ngũgĩ wa Thiong'o mu 1986 anati mlembi wa mu Africa alembe m'chiyankhulo cha kwawo. Mafunso awo ndi akuti ndani akufotokoza mnzake, m'chiyankhulo cha yani, ndipo phindu likupita kwa yani.

Ife sitisowa poyesera. Tauni ino ya Chipata inkatchedwa Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Nkhondo ya Angoni ndi atsamunda ya mu 1898, imene Nsingo mwana wa Mpezeni anaphedwera, inalembedwa koyamba ndi opambana. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo mabuku oyamba ambiri a Chinyanja anadzera m'manja mwa amishoni, amene ankadana ndi Nyau. Mukapeza nthano m'buku lakale la sukulu, iyerekezeni ndi ya agogo anu: chachotsedwa n'chiyani, ndipo phunziro la kumapeto analiikapo ndani? Kumbukiraninso kuti mudzi unayankha. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, zilombo zimene zinatenga mzungu ndi chiphunzitso chake n'kuziika pabwalo kuti anthu aziunike. Kumeneko ndi kuzukuta atsamunda kumene kunachitika mabuku a Said asanalembedwe. Polemba za Gule khalani pa zimene zimaoneka pabwalo, monga pa Kulamba. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo digiri siikupatsani chilolezo choziulula.

Kuwerenga eni ake ndi kulemba nkhani yanu

Mukamaliza kuyesa theory pa nthano, werengani nkhani imodzi yaifupi ya mwini theory, osati chidule chokha. Ya Barthes ija ndi ya masamba ochepa, ndipo ya Achebe Chingerezi chake n'chosavuta. Koyamba werengani osaima. Kachiwiri imani pa ndime iliyonse muinene m'Chinyanja mokweza. Pamene lilime lakana, m'pamene simunamvetse. Chitani izi muli atatu kapena anayi, aliyense atenge theory yake aziiteteza pa nkhani imodzi.

Polemba asainimenti sankhani theory imodzi, zikachuluka ziwiri. Ndime yoyamba inene chimene mukutsimikiza, m'chiganizo choti munthu angachitsutse. "Nthanoyi ikuphunzitsa kumvera makolo" sichitsutsika, choncho sichikupititsani kulikonse. "Nthanoyi ikuika mayi pamalo poti chilichonse chimene angachite chitaya mwana" ndi mfundo yofuna umboni. Mbiri ya theory isapitirire ndime imodzi. Ndime iliyonse yotsatira ikhale ndi mawu otengedwa m'nkhani momwemo, kenako kumasulira kwanu. Siyani malo, kufupi ndi kumapeto, onenapo pamene theory yalephera, kuchokera pa funso lachinayi la m'kope lanu. Mawu a katswiri aliyense amene mwabwereka muonetse mwini wake ndi tsamba, ndipo agogo amene anasimba muwatchule monga gwero, pamodzi ndi mudzi ndi tsiku, ngati avomera.

Mukatero tengani buku la pa silabasi lija. Musalizukute lonse. Sankhani chaputala chimodzi, kapena masamba atatu pamene ampangankhani awiri akukangana, muyambirenso pa pensulo ndi mizere ya pansi pa mawu obwerezedwa, kenako mutsegule kope lanu muone kuti ndi tsamba liti limene mafunso ake akugwira pamenepo.